Potseka khomo, tidayamba tafunsa kuti ndi la yani

Ife amene tidakula mafoni asanalowe m'matumba mwathu tikukumbukira mmene makalata ankayendera. Mudzi wathunthu unkalandira makalata pa bokosi limodzi la ku positi, kawirikawiri la sukulu ya pulayimale, la mzikiti kapena la mishoni. Wolemba ankaika dzina la munthu pamwamba, nambala ya bokosi pansi pake, ndipo aphunzitsi aakulu ndiwo ankagawa. Nambalayo inkatchula malo amene anthu mazana ankapezekerapo. Palibe akadaganiza zoti, popeza kalata yachipongwe yadzera pa bokosi lakutilakuti, ndiye kuti makalata onse a pamenepo azing'ambidwa.

Kuno ku Mzimba Asilamu ndife ochepa, ndipo tidamwazikana. Ena ali pa boma, ena ku Jenda, ku Embangweni, ku Champhira mpaka ku Khosolo. Ambiri makolo athu adachokera kunyanja, ku Nkhotakota, ku Salima ndi ku Mangochi, potsata malonda a usipa ndi nsalu. Ana athu nawo adatengera anzawo a kuno, amene ulendo wa ku Joni uli ngati mwambo wa pabanja. Pofuna kusunga anthu onsewa pamodzi, madrasa yathu ili ndi tsamba la pa intaneti la mamembala okhaokha. Kholo limalowa ndi dzina ndi nambala yachinsinsi, n'kuona mmene mwana wakhozera, zopereka zimene zalandiridwa ndi mauthenga a maliro.

Pa mauthenga a malirowo ndi pamene kamberembere wina adatipezera mpata. Adalembetsa ndi dzina lofanana ndi la banja lodziwika, nalengeza kuti mayi wina wamasiye wamwalira, janaza ichitika mawa lake, ndipo chipepeso chitumizidwe pa nambala ya foni imene adaipereka. Anyamata awiri a ku Johannesburg adatumiza ndalama usiku womwewo. Mayi uja anali moyo, akupalira m'dimba mwake. Titamchotsa munthuyo, adabweranso ndi dzina lina, kenako linanso.

Komiti itakumana pambuyo pa swala ya Ijumaa, bambo wina wachikulire, amene mwana wake anali mmodzi mwa oberedwawo, adati adamva kuti foni iliyonse ikalowa pa intaneti imasiya nambala yake, imene amaitcha adiresi ya IP. Adapempha kuti nambalayo itsekedwe tsiku lomwelo. Mnyamata amene amatisamalira tsambalo adayankha mwaulemu kuti, "Bambo, kutseka n'kosavuta, ndi ntchito ya mphindi imodzi. Koma ndisanatseke, ndikupempha muone kaye amene adadzera pa nambala imeneyi sabata ino." Adatembenuza kompyuta kuti tonse tione. Pa nambala yomweyo padadzera mamembala oposa khumi, ndipo mmodzi mwa iwo anali msungichuma wathu, amene adali atakhala pomwepo.

Msungichumayo sadabe kanthu. Chifukwa chake chili m'mapangidwe a intaneti yeniyeniyo. Adiresi ya mtundu wakale, imene yafala kwambiri, ili ndi zigawo zinayi zolekanitsidwa ndi timadontho, chigawo chilichonse kuyambira 0 kulekeza 255. Maadiresi otere onse pamodzi ndi pafupifupi 4.3 biliyoni, ochepa kuyerekeza ndi anthu a pa dziko, osanena za mafoni ndi makompyuta awo. Mu February 2011 bungwe la IANA, limene limasunga nkhokwe yaikulu ya maadiresiwa, lidagawa otsiriza kwa mabungwe a m'zigawo za dziko. La kuno ku Africa ndi AFRINIC, limene likulu lake lili ku Mauritius. Popeza maadiresi ndi osowa, makampani a mafoni amasonkhanitsa makasitomala ambiri kuseri kwa adiresi imodzi, monga mudzi uja pa bokosi la sukulu. Wina ali ku Jenda, wina ku Mzuzu, wina ku Monkey Bay, koma tsamba likuwaona onse akudzera khomo limodzi. Mtundu watsopano, wotchedwa IPv6, uli ndi maadiresi ochuluka zedi, koma sudafike ponseponse.

Adiresiyo siikhalitsanso pa munthu. Foni ikazimitsidwa n'kuyatsidwanso, kawirikawiri imapatsidwa ina. Amene ali ndi simukhadi ya Airtel ndi ya TNM m'foni imodzi amasintha khomo pongodina kamodzi, ndipo wodziwa VPN amatha kuoneka ngati ali ku London pamene ali pansi pa mtengo wa mango pa depoti ya Mzimba. Ndiye taonani amene chitseko chotere chimamgwira. Wakuba, amene akudziwa kuti akusakidwa, amalambalala. Wotsala panja ndi mayi amene wagula bandulo ya tsiku limodzi kuti aone zotsatira za mwana wake. Iyeyo sadziwa n'komwe kuti pali chinthu chotchedwa IP. Amangoganiza kuti a komiti amuchotsa chifukwa sadamalize kulipira, ndipo manyazi amamuletsa kufunsa.

Zoterezi zidachitikira ngakhale akuluakulu a ntchitoyi. Kumayambiriro kwa chaka cha 2007, oyang'anira Wikipedia adatseka adiresi imodzi pofuna kuletsa anthu oononga zolembedwa. Zidadziwika kuti pafupifupi dziko lonse la Qatar linkadzera pa adiresi yomweyo, ndipo chitsekocho chidachotsedwa msanga.

Bambo aja sadagonje mofulumira, ndipo sitiwanena, pakuti ndalama za mwana wawo zidapezeka movutikira. Adati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, choncho titseke maadiresi onse a kunja kwa Malawi, mwina wakubayo ali kutali. Inu a kunyanja mukudziwa bwino kuposa ife kuti wogulitsa chambo akapeza imodzi yaola, amaichotsa yomweyo, dengu sataya. Kutseka a kunja kukadatanthauza kutseka Johannesburg, Cape Town ndi Durban, kumene kumachokera ndalama zambiri zofolerera makalasi athu. Kukadatsekanso abale a ku Lundazi, amene kwa ife a ku Jenda ndi oyandikana nawo nyumba chabe, malire adangodutsa pakati. Ndipo ife amene timaphunzitsa ana m'mawa kuti munthu sasenzetsedwa mlandu wa mnzake, tikadavutika kuwafotokozera madzulo ake chifukwa chimene makolo awo atsekeredwa panja.

Tidagwirizana kuti khomo lizilondedwa ndi anthu odziwa anthu. Tsopano wofuna kulowa amalembetsa, n'kudikira. Amatchula membala mmodzi womudziwa, ndipo mlembi amaimbira mboniyo kufunsa ngati akumudziwadi, ndi mwana wa yani, amakhala kuti. Amaperekanso nambala yake ya foni. Chiyambire kalembera wa chiphaso cha unzika mu 2017 ndi kulembetsa masimukhadi kumene bungwe la MACRA lidalimbikitsa mu 2018, nambala ya foni ili ndi dzina kumbuyo kwake, ngakhale tikudziwa kuti mbava zimagwiritsa ntchito ziphaso za eni ake. Uthenga wa maliro ndi wa ndalama umalembedwa ndi anthu awiri okha. Kutseka adiresi sitidakutayiretu. Mnyamata uja amatseka kwa maola ochepa pamene makina a kutali akuyesa manambala achinsinsi kambirimbiri pa mphindi imodzi, chifukwa pamenepo n'zoonekeratu kuti wogogoda si munthu.

Njira imeneyi ndi yochedwa, ndipo ena amadandaula. Mayi wina wa ku Khosolo adadikira masiku anayi chifukwa mboni yake idapita kukolola kudera kumene netiweki siigwira. Mlembi adamuwerengera zotsatira za mwana wake pa foni, phunziro ndi phunziro, kufikira mayunitsi atatha. Pa mndandanda wa odikira palinso maina atatu amene akhalapo miyezi iwiri tsopano. Onse atatu adatchula mboni, ndipo mboni zonse zidati sizikuwadziwa.