Mpeni wam'thumba: zomwe ndaphunzira ndi chala changa

Loweruka, 2 Novembala

Lero ndagula mpeni wopinda mumsika wa Limbe. Ndatopa kunyamula mpeni wakukhitchini popita kudimba, ndipo mayi akunyumba adandichenjeza kale kuti tsiku lomwe ndidzautaye ndidzadula anyezi ndi mano. Pabenchi panali mipeni yambirimbiri. Ine maso adakathera pa wakuda, wonyezimira, wokhala ndi chinjoka pachigwiriro, wotseguka ndi chala chimodzi. Dzina la kampani palibe, pangolembedwa "stainless". Wogulitsa anati, "Bwana, umenewu ndi wa asilikali." Sindinafunsenso kanthu. Mu minibasi ndimangoupapasa m'thumba ngati mwana amene wagulidwira nsapato za Khirisimasi.

Lachitatu, 6 Novembala

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ndimaboola chigubu kuti ndizithiririra nazale ya tomato. Nditakankha ndi nsonga, loko inaphonya, mpeni n'kudzipinda wokha pa chala cha mkombaphala. Magazi chuchuchu pamasamba. Bala silakuya, koma ndikulemba movutikira. Madzulo ndinauyang'anitsitsa: chitsulo chikugwedera uku ndi uku ngati dzino la mwana, kasikuluwu kamodzi kagwa, ndipo wabuntha kale atangodula malegeni ndi zingwe za masaka.

Lamlungu, 10 Novembala

Ndinapita kwa amalume ku Chiradzulu. Ataona bandeji anandifunsa, ndipo nditawaonetsa mpeniwo anaseka mpaka kutsokomola. Analowa m'nyumba n'kutulutsa wawo, Okapi amene adabwera naye kuchokera ku Joni nthawi ya Theba. Chigwiriro chathabwa chidachita kuda ndi thukuta, chitsulo chidaonda chifukwa chonolanola, koma potsegula ukulirabe kwe-kwe-kwe mpaka kukhoma kuti kha!

"Iwe, mpeni sasankha ndi maso," anatero. Anandionetsa zoyesa usanapereke ndalama. Utsegule n'kugwedeza chitsulo: chisasewere. Ukanikize msana wake pathabwa, zala zili kutali: usapindike. Utseke n'kupapasa: nsonga ibisale m'chigwiriro, apo ayi idzaboola thumba la buluku ndi ntchafu yomwe. Wanga wachinjoka walephera mayeso onse atatu.

Pampeni wawo palembedwa Germany. Okapi adayamba kupangidwa ku Solingen mu 1902 kuti azigulitsidwa m'maiko a ku Africa omwe ankalamulidwa ndi Ajeremani, ndipo mu 1988 ntchito yopanga mipeniyi idasamukira ku South Africa. Ndiye kuti wa amalumewu ndi wamkulu kuposa ine.

Ndikutsanzika anandiitananso. Anati ku Joni mpeni umenewu udatchuka ndi atsotsi, ndipo ambiri adalowa nawo m'manda kapena m'ndende. "Pamowa usautulutse. Pamkangano uiwale kuti uli nawo. Umenewu ndi wa nzimbe ndi zingwe."

Loweruka, 16 Novembala

Sabata yonse ndakhala ndikuwerenga pafoni mpaka bandulo kutha. Ndapeza kuti zitsulo za mipeni zili m'magulu awiri. Cha "stainless" chimakhala ndi chromium wosachepera 10.5 peresenti, n'chifukwa chake sichichita dzimbiri msanga. Koma mawuwo paokha sakuuza ngati chidaumitsidwa bwino pamoto. Cha "carbon" chimanoleka mosavuta pamwala wamba ndipo chimathwa kwambiri, koma chikagona chonyowa chimadzuka ndi dzimbiri.

Mipeni itatu ndiyo inandikopa. Victorinox wa ku Switzerland ali ndi sizasi ndi chotsegulira zitini, koma yambiri ing'onoing'ono ilibe loko, ndipo chala changa chakana. Opinel wa ku France, amene Joseph Opinel adayamba kupanga mu 1890, ali ndi mphete yozungulira yokhomera. Wa nambala 8 chitsulo chake n'chotalika masentimita 8.5, wokwana bwino m'thumba. Koma thabwa lake limafufuma likanyowa mpaka kuvuta kutsegula, pomwe ine ntchito yanga ndi yam'madzi ndipo mvula ili pakhomo. Komanso ndikanachita kuitanitsa kunja. Ndagula Okapi m'sitolo ya hadiweya, nditauyesa katatu monga adanenera amalume. Mwini sitolo amangondiyang'ana ngati ndikugula ng'ombe.

Kutseka kunandivuta poyamba. Umakoka mphete yakumsana ndi chala kuti sipuling'i inyamuke, dzanja linalo n'kumapinda chitsulo pang'onopang'ono. Ndachita kakhumi nditakhala pakhonde, zala zili kutali ndi njira ya mpeni.

Lachisanu, 29 Novembala

Zolakwa ziwiri sabata ino, zonse zanga. Lolemba ndinatsegula thumba la feteleza, kenako n'kusenda mango, n'kupinda mpeni osapukuta. M'mawa mwake unali ndi madontho ofiira ngati waphulika chikuku. Feteleza amadya chitsulo, mofanana ndi momwe amadyera khasu losiyidwa pafupi ndi thumba. Ndinakwecha ndi phulusa ndi kansanza, n'kupaka kadontho ka mafuta ophikira. Dzimbiri lachoka, kwatsala mtundu wotuwira umene akuti si vuto, umatetezanso chitsulo.

Dzulo ndinafuna kutsegula chitini cha penti ndi nsonga. Nsongayo inapindika pang'ono, mtima wanga n'kuti myuu. Ndaiwongola pamwala, koma phunziro ndalimva: mpeni si sikuludiraiva, si chisemelo, si nkhwangwa. Nsungwi zikuluzikulu ndi za chikwanje, mpeni ungosongola.

Lamlungu, 15 Disembala

Lero amalume andiphunzitsa kunola. Kuseri kwa nyumba yawo kuli mwala wosalala umene pakati pake padalowa ngati mbale. Anathirapo madzi, n'kugoneka chitsulo, msana utakwera pang'ono, pafupifupi madigiri 20. Ine ndimakwecha mothamanga, dzanja likusinthasintha. Anandigwira pamkono: "Ukuthamangira kuti? Mwala sukuthawa."

Chinsinsi chake n'chakuti unole mbali imodzi mpaka umve ndi chala kamlomo kopyapyala kopindikira mbali inayo. Ukakamva kuchokera kutsinde mpaka kunsonga, tembenuza. Pomaliza anakoka mpeni chammbuyo pa lamba wachikopa kangapo, kamlomo kaja n'kuchoka. Anandipatsa tomato wakupsa. Mpeni unalowa wokha, osafinya, madzi osatayika. Ndinayesanso kunola wachinjoka uja. Chitsulo chake n'chofewa, kamlomo kamangopindikira uku ndi uku osachoka. Ndausiya m'bokosi la misomali.

Ndikawerengera, ndalipira kawiri, kuwonjeza bandeji ndi mabandulo. Ndikadayamba ndi ulendo wa ku Chiradzulu, ndikadangolipira thiransipoti ndi mpeni umodzi. Kunola sindinakudziwebe bwino; mbali yakumanzere imandithawa, ndipo amalume akuti ndibwerenso pa Khirisimasi ndi nkhuku kuti tione ngati ndakhoza. Pakadali pano m'thumba muli mpeni ndi kansanza kopukutira. Mpeni wakukhitchini wabwerera kwa eni ake, ndipo madzulo ano andituma ndikaunolenso pamwala.