Mawu a M'mawa ndi Ntchito ya Manja

Dera la Mfumu Kaomba, m'boma la Kasungu, ndi dziko lachidikha lomwe limadziwika ndi ulimi wa fodya. Munthu akaima pamwamba pa phiri la Kasungu amaona minda, zigafa ndi midzi zitayalana mpaka pomwe maso alekezera. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, dzuwa likamaswa mtengo, alimi a kumeneko amakhala m'mbali mwa madambo kusamalira nazale. Njere ya fodya ndi yaing'ono zedi. Mu galamu imodzi mumakhala njere zoposa 10,000, kotero kuti mlimi amazithira m'madzi a mu kheni kapena kuzisakaniza ndi phulusa kuti afese bwino. Akafesa amathirira m'mawa ndi madzulo osadumphitsa tsiku, pakuti madzi a sabata yonse sangathiridwe tsiku limodzi.

Luso la munthu nalonso limaleredwa motero. Masiku ano anthu ambiri amakamba za mawu odzilimbikitsa omwe munthu amadziuza m'mawa uliwonse, komanso za mitu yaifupi yomwe amapatsidwa kuti ajambule, aumbe kapena alembe. Ena amati zimenezi ndi zachabe, pomwe ena amazitenga ngati mankhwala ochiza nthenda zonse. Nkhani ya mphunzitsi wina wa kwa Kaomba ikusonyeza kuti mawu otere amapindula pokhapokha ngati ali oona, ndiponso ngati atsatiridwa ndi kantchito kogwirika ndi manja tsiku lomwelo.

M'chaka cha 1994 boma linachotsa fizi m'sukulu za pulayimale, ndipo chiwerengero cha ana m'sukuluzi chinakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pa pafupifupi 3 miliyoni. Mphunzitsiyu, yemwe ankaphunzitsa Sitandade 5 pasukulu ina yoyandikana ndi maesiteti, anangoona kalasi yake itadzaza mpaka ana ena kukhala pakhomo. Ambiri mwa ana atsopanowo anali a matenanti, anthu omwe ankalima fodya paminda ya eni ake, kulandira chakudya pangongole, ndi kudikira malipiro fodya akagulitsidwa. Ana amenewa anali atazolowera kumva kuti iwo ndi mbuli, kuti sukulu ndi ya ana a mabwana. Akafunsidwa funso ankangozyolika. Mphunzitsiyo anazindikira kuti vuto lalikulu silinali kusowa kwa makope kokha ayi, komanso mawu oipa omwe anawo ankadziuza okha mumtima.

Tsono anayamba chizolowezi. M'mawa uliwonse, maphunziro asanayambe, ankalemba mizere iwiri pakona ya bolodi. Mzere woyamba unali "Mawu a lero," wachiwiri "Ntchito ya lero." Tsiku lina mawu anali akuti, "Manja anga angathe kupanga chinthu chomwe dzulo kunalibe," ndipo ntchito yake inali kuumba nyama yomwe mwana anaiona pobwera kusukulu. Tsiku lina mawu anali akuti, "Ndikalakwitsa ndiyesanso," ndipo ntchito yake inali kujambula chigafa cha kwawo katatu ndi kusankhapo chimodzi chokoma. Tsiku linanso ana ankauzidwa kuti apeze mawu asanu ofotokoza fungo la mvula yoyamba. Ana ankanena mawuwo pamodzi kamodzi kokha, kenaka n'kuyamba ntchito kwa mphindi khumi. Zipangizo zake zinali makala a pamoto, dothi la pachulu, mapesi, mawaya otola ndi mchenga wa pabwalo. Palibe chomwe chinkagulidwa.

Nzeru imeneyi sanaitenge kutali. Makolo a Achewa anali nazo kale njira zotukulira mtima wa mwana ndi kutakasa maganizo ake. Mwana akagwira bwino ntchito, agogo ankamuthokoza pomutchula mfunda wake, amvekere "Zikomo Phiri," kapena "Wachita bwino Nabanda." Mwanayo ankakumbutsidwa kuti ali ndi mtundu ndipo ntchito yake yaonedwa. Chofunika kuchizindikira n'chakuti mawu okomawo ankadza pambuyo pa ntchito yooneka, monga kutunga madzi kapena kulondola mbuzi yosochera. Madzulo, pabwalo kapena pamoto, wina ankaponya chirapi ndipo anzake ankavutika kusinkhasinkha kufikira atapeza yankho. Wina ankayamba nthano ndi "Padangotero," enawo n'kuvomera "Tili tonse," ndipo mawa lake udindo woyamba nthano unkagwera wina. Chirapi ndi nthano inali mitu yoperekedwa kwa ana kuti aphunzire kuganiza ndi kupeka. Mphunzitsi uja anangotenga mwambo wa pabwalo n'kuuika pabolodi.

M'kalasimo munali mtsikana wina wa zaka khumi ndi zitatu, mwana wa tenanti. Ankafika mochedwa, zikhatho zake zili bii ndi utomoni wa fodya, chifukwa ankayamba wathandiza makolo ake kuthyola ndi kusoka masamba. Anzake akamanena mawu a tsikulo, iye ankangotseka pakamwa. Mphunzitsi atamufunsa chifukwa chake, anayankha motsitsa mawu kuti, "Aphunzitsi, ine sindinganene zimenezo. Ndikanena ndiye kuti ndanama." Mphunzitsiyo sanamukakamize, ndiponso sanamuuze kuti ndi wanzeru kuposa onse, poti mtsikanayo sakanakhulupirira. M'malo mwake, tsiku lotsatira analemba ntchito yakuti aliyense ajambule tsamba la fodya.

Ana ambiri anajambula tsamba limodzi looneka ngati la mtengo uliwonse. Mtsikana uja anajambula masamba atatu osiyana: lapansi, lalifupi ndi long'ambika m'mphepete, lapakati, lalikulu ndi lotambasuka, ndi lapamwamba, lowonda ndi losongoka. Anaonetsanso mitsempha ya tsamba lililonse ndi timadontho ta nthenda. Mphunzitsi anakweza pepalalo m'mwamba nafunsa kalasi kuti ndani wina amadziwa kusiyana kumeneku. Panalibe. Pamenepo anati kwa mtsikanayo, "Mwanawe, mawu ako a lero ndi awa: maso anga amaona zomwe ena amazipitirira. Kodi amenewa ndi abodza?" Mtsikanayo anayang'ana pepala lake kwa kanthawi, kenaka anapukusa mutu nawanena mawuwo. Anawanena chifukwa umboni wake unali m'manja mwake.

Si onse amene anakondwera nacho chizolowezichi. Tsiku lina bambo a mtsikanayo anafika pasukulu, navula chipewa, nati, "Pepani aphunzitsi, ndati ndifunse nawo. Mwanayu akumatha makala kunyumba n'kujambula pakhoma. Kodi zojambulazi zimadyedwa?" Funsoli linali lomveka, pakuti banjalo linkadya chimanga cha ngongole. Mphunzitsi anayankha mwaulemu kuti, "Zoonadi bambo, sizidyedwa. Koma diso lomwe likusiyanitsa masambawa ndi lomwelo lidzasiyanitse manambala papepala la malipiro anu, kuti wina asakubereni." Bambowo anakhala chete, kenaka anatsazika. Sanamuletse mwanayo kujambula, komanso sanalonjeze kuti apitiriza sukulu.

Fodya atagulitsidwa chaka chimenecho, banjalo linasamukira kuesiteti ina, monga momwe matenanti ambiri ankachitira. Patsiku lake lomaliza mtsikanayo anatsalira anzake atatuluka, napempha kuti, "Aphunzitsi, mundilembereko ntchito za mwezi wamawa." Mphunzitsi anamulembera mitu makumi atatu kuseri kwa pepala lakale la mayeso. Sanadzamvenso za iye. Lamulo loletsa utenanti linadza mochedwa, m'chaka cha 2021, pamene Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito. Komabe mwana yemwe poyamba ankakana kutsegula pakamwa anachoka atadziwa kupempha yekha ntchito yoti achite, ndipo chimenecho palibe mwini esiteti akanamulanda.

Zomwe mphunzitsiyu anaona m'kalasi mwake zikugwirizana ndi zomwe akatswiri a maganizo a anthu anapeza. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, katswiri wa mankhwala wa ku France, Émile Coué, ankalangiza odwala kuti azibwereza kamakumi awiri, m'mawa ndi madzulo, mawu onena kuti akunka napeza bwino tsiku ndi tsiku. Njira yake inatchuka kwambiri ku Ulaya ndi ku America. Koma m'chaka cha 2009, Joanne Wood ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anapeza kuti anthu odziderera akamabwereza mawu odzitamanda omwe sawakhulupirira, mitima yawo imaipiraipira m'malo mopepukidwa. Mtima umatsutsa chomwe ukudziwa kuti si choona. Kumbali ina, m'chaka cha 2006, Geoffrey Cohen ndi anzake anapempha ana asukulu a ku America kuti alembe kwa mphindi zochepa za zinthu zomwe amaziona kuti n'zofunika pamoyo wawo, monga abale, nyimbo kapena luso lawo. Ana achikuda, omwe kawirikawiri ankaonedwa ngati osatha kanthu, anakhoza bwino kuposa anzawo achikuda omwe sanalembe zotero. Phunziro lake n'lakuti mawu olimbikitsa ayenera kuchokera pa chinthu chomwe munthu ali nacho kale. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo.

Boma la Kasungu lomweli lili ndi chitsanzo chomwe dziko lonse lapansi likuchidziwa. William Kamkwamba, wa m'mudzi wa Masitala kwa Wimbe, anasiya sukulu ya sekondale ya Kachokolo chifukwa makolo ake analephera kulipira fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002. M'malo mongokhala, ankapita ku kanyumba ka mabuku komwe anapezako buku la sayansi lotchedwa Using Energy, lomwe pachikuto pake panali chithunzi cha makina opukusidwa ndi mphepo. Chithunzi chimenecho chinakhala mutu wa ntchito yake. Ankatola zitsulo zotayidwa, ziwalo za njinga ndi mitengo ya bulugama, anthu akumunena kuti wapenga, kufikira atamanga makina omwe anayatsa magetsi m'nyumba ya makolo ake. M'chaka cha 2007 anakalankhula pamsonkhano wa TED ku Arusha, m'dziko la Tanzania, ndipo mu 2014 anamaliza maphunziro ake pa Dartmouth College ku America. Chikhulupiriro chake chinali ndi mphamvu chifukwa tsiku lililonse ankachiperekeza ndi waya, msomali kapena tsamba limodzi la buku.

Kujambula si chinthu chachilendo m'dziko muno. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 okhala ndi zithunzi za pamiyala, zofiira zojambulidwa ndi Akafula ndi zoyera zojambulidwa ndi Achewa, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006. Ku Mua, malo a Kungoni omwe anayambitsidwa ndi Bambo Claude Boucher mu 1976 aphunzitsa amisiri ambiri osema ndi ojambula. Kunja nakonso anthu amafuna mitu yowatakasa. M'chaka cha 2009 wojambula wa ku America, Jake Parker, anadzilamula kuti azijambula chithunzi chimodzi ndi inki tsiku lililonse la mwezi wa Okutobala, ndipo mwambo umenewu, wotchedwa Inktober, unafalikira m'maiko ambiri. Onsewa anadziwa kuti wodikira tsiku lomwe mtima udzafune wokha amakalamba asanayambe.

Wophunzira wa Fomu 3 kapena Fomu 4 yemwe akufuna kuyesa njira imeneyi safunika ndalama. Apeze kope limodzi lakale. M'mawa alembe chiganizo chimodzi chonena za iye mwini, chomwe angathe kuchitsimikiza ndi umboni. Kulemba kuti "Ndine wopambana onse" n'kudzinyenga, koma kulemba kuti "Dzulo ndinavutika ndi samu imodzi mpaka ndinaipeza, leronso nditero" n'kudziuza zoona. Pansi pa chiganizocho alembe ntchito ya mphindi khumi: kujambula dzanja la agogo akusenda mtedza, kupeka chirapi chatsopano chonena za njinga ya kabaza, kulemba ndime zinayi za ndakatulo yonena za msika wa Chinkhoma, kapena kuumba mphika waung'ono. Tsiku likamuphonya asataye mtima, ayambirenso mawa lake. Pakutha pa mwezi abwerere ku tsamba loyamba nafanizire ntchito yoyamba ndi yomaliza. Kusiyana komwe adzakuone ndiko kudzamupatse mawu oona oti alembe mwezi wotsatira.

Pali chenjezo limodzi lomwe alimi a fodya amalidziwa bwino. Nthawi yowokera ikayandikira, mlimi amachepetsa madzi pa nazale kuti mbande zikhwime, chifukwa mbande yozolowera madzi ambiri imafota ikangofika kumunda. Chimodzimodzinso wophunzira asamangofuna mawu otsekemera okhaokha. Aonetse ntchito yake kwa mnzake kapena mphunzitsi yemwe angamuuze pomwe palakwika, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Mayeso adzatha, ndipo si onse adzapeze malo ku yunivesite kapena ntchito ya muofesi. Koma yemwe anadzizoloweza kudziuza zoona m'mawa ndi kupanga kanthu ndi manja ake dzuwa lisanalowe sadzasowa poyambira, kaya ali ku Kasungu, ku Lilongwe kapena kumudzi kwawo. M'mera mpoyamba.