Kalata kwa mng'ono wanga wojambula mandasi

Mng'ono wanga,

Tsiku lija tinakaona chiliza cha amayi, anthu atadya n'kuyamba kubalalika, amalume anakufunsa pamaso pa onse kuti, "Kodi iwe ntchito yeniyeni uyamba liti? Uzingojambula mandasi mpaka ukalambe?" Ena anaseka. Iwe unangowerama n'kumatolera mbale. Ine ndinali pamkeka womwewo ndipo sindinatsegule pakamwa. Kuyambira tsiku limenelo mtima wanga sunakhale m'malo. Manyaziwo unachita pagulu, ndiye yankho langa nalonso likhale la pagulu, wofuna awerenge.

Ndinakhala chete chifukwa pansi pa mtima nanenso ndinkaganiza ngati amalume. Pamene unasiya ntchito ya pakauntala ija, ya malipiro a pamwezi, n'kunena kuti uzijambula zokhwasulakhwasula n'kumagulitsa zithunzizo pa intaneti, tulo tinandithawa. Ndinkaopa kuti udzavutika. Ndinkaopanso pakamwa pa anthu.

Chinanditembenuza ndi envulopu imene unanditumizira pa basi patapita masabata angapo. Munali kapepala kokhuthala ka A5, kosaposa tsamba la kope la mwana wa sukulu. Mandasi atatu pa nyuzipepala yong'ambika, mafuta atalowerera mpaka zilembo za kuseri zikuonekera mbali ino. Amodzi mwa mandasiwo anali ndi kamchira, kaja kankatsalira amayi akafinya fulawa wokanda pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala n'kumugwetsera m'mafuta. Timichira timeneto tinkalimbirana ine ndi iwe, chifukwa tinkapsa mouma, tokoma kukukuta. Nditakaona kamchirako ndinakhala pansi, misozi n'kumangotsika yokha.

Zaka zonse zija ndinkasenza ndowa ya mandasi kupita nayo pasiteji ndisanalowe m'kalasi, sindinawayang'anepo ndi kamodzi komwe. Ndinkangowawerenga: apita angati, atsala angati, ndalama zakwana kodi. Iwe unali wamng'ono, unkadzuka nafe kusanache n'kukhala pafupi ndi mbaula utadzifunditsa chitenje cha amayi, tonse n'kumati ukuothera moto. Chikhalirecho unkaona zonse: thovu la mafuta, mandasi akamadzitembenuza okha m'chiwaya, nkhope ya amayi itawala ndi makala.

Pa holide yapitayi, sabata ija ndinagona kwanu, ndi pamene ndinaona ndi maso anga chimene amalume akuti si ntchito. M'mamawa unapita kumsika kukagula zitumbuwa zotentha, ukusankha chimodzichimodzi ngati munthu wosankha chitenje cha ukwati. Unaika chimodzi patebulo pafupi ndi zenera n'kuyamba msangamsanga, poti kuwala kwa m'mawa sikudikira munthu. Unayamba ndi pensulo, mopepuka. Kenako penti wamadzi wachikasu, n'kudikira kuti aume. Pamwamba pake wofiirira, n'kudikiranso. Pomaliza timadontho takuda pamene nthochi inapserera. Ndinakufunsa chifukwa chake ukusakaniza mitundu yambiri chonchi pa chinthu chabulauni, iwe n'kundikokera pafupi kuti ndione ndekha: apa pofiira, apa pachikasu, m'ming'alumo mtundu wonga uchi, ndipo mthunzi wake patebulo uli ndi kabuluu. Ndadya zitumbuwa moyo wanga wonse, koma kabuluu kameneko ndinakaona tsiku limenelo. Pofika masana chitumbuwa chinali chitafota, nyerere zitayamba kale ulendo. Mawa lake unakagula china. Chithunzi chimodzi chinatenga masiku atatu.

Ndiye pali ntchito ina imene ogula saiona. Kuika chithunzicho pa sikana, kukonza mitundu pa kompyuta magetsi akakhalapo, kupita kosindikiza. Ulendo woyamba zitumbuwa zako zinatuluka zofiira ngati nyama yaiwisi, ndipo unakana makope onsewo n'kulipiranso kachiwiri. Ine ndinkati ungowatenga, ndani angazindikire? Unandiyang'ana momwe amayi ankayang'anira munthu wowauza kuti akazingire mafuta a dzana. Kunyumba unasaina lililonse ndi pensulo, 1/30, 2/30, mpaka 30/30, kulonjeza wogula kuti akatha amenewa sudzasindikizanso. Kudula makatoni oti chithunzi chisapindike panjira, kuchikulunga, kulemba kakalata kothokoza. Usiku uli pa Instagram, Facebook ndi WhatsApp, kuyankha anthu ofunsa kuti "zingati?" amene ambiri akamva mtengo sabwereranso. Wina watumiza pa Airtel Money, wina pa Mpamba, wakunja pa Mukuru, ndipo zonse uyenera kuzilemba m'kabuku kuti usasokoneze. Kugwira burashi sikufika ngakhale theka la tsiku lako.

Usiku wina unandionetsa pafoni zithunzi za Wayne Thiebaud, ndipo nditabwerera kuno ndinawerenga za iye. Anabadwa mu 1920 ku America. Ali mnyamata anagwirapo ntchito m'malo odyera ku Long Beach, ndipo makeke, mapayi ndi ayisikilimu zimene ankaona m'magalasi a pakauntala zinamukhala m'mutu, moti zambiri ankazijambula pongokumbukira. Ogulitsa zithunzi ambiri ku New York sanazifune, mpaka Allan Stone anavomera kuzionetsa mu 1962, iye ali ndi zaka 41, ndipo zonse zinagulidwa. Chithunzi chake cha makeke cha 1963 chili ku National Gallery of Art ku Washington. Anamwalira pa Khirisimasi ya 2021 ali ndi zaka 101, akujambulabe mpaka chakumapeto. Chinandigwira mtima si kutchuka kwakeko ayi. Munthuyu anajambula chakudya cha anthu wamba a kwawo, chimene woyendetsa lole amadya ali chiimire, ndipo anachipatsa ulemu wonse wa dzanja lake. Keke ya ku California ikakhala yoyenera khoma, chigumu cha ku Ntcheu chalakwanji?

Ngakhale njira yogulitsirayi ena anaiyenda kale. Mu 2004 Duane Keiser wa ku Virginia anayamba kujambula kachithunzi kamodzi patsiku, kakang'ono ngati positikhadi, dzira, chipatso, kapu, n'kumagulitsa pa intaneti mwachindunji, osadutsa kwa mwini nyumba yoonetsera zithunzi. Ambiri anamutsatira. Kachithunzi kakang'ono kamalowa mu envulopu, ndipo mphunzitsi ngati ine angakwanitse kugula.

Ukapita kumene amagulitsa ziboliboli pafupi ndi positi ofesi ya ku Old Town ku Lilongwe, kapena kunyanja ku Nkhata Bay, upeza zithunzi za njovu, za dzuwa likulowa, za mlambe, za mayi wosenza mtsuko. Sindikuwanyoza anyamata amenewo, luso ali nalo ndipo mabanja awo amadya pomwepo. Koma zithunzi zimenezo amajambulira mlendo, kuti akakwera ndege akakumbukire kuno. Ife eni ake sitinakule tikuona njovu. Tinakula ndi chimanga chootcha pa waya wa mbaula, mtedza wokazinga wa m'kapepala, bwemba woyabwa m'mano, malambe, nzimbe, chinangwa chophika cha pa buleki. Zimenezi ndi zimene iwe ukujambula, ndipo ukujambulira ife.

N'chifukwa chake sindinadabwe utandiwerengera uthenga wa namwino uja wa ku Manchester amene anagula chithunzi cha masuku. Anati zaka zambiri sanalaweko suku, ndipo anachipachika kukhitchini pafupi ndi ketulo kuti azichiona akamanyamuka kupita ku ntchito ya usiku. Bambo wa ku Johannesburg anafuna cha chipisi cha pachiwaya, koma anapempha kuti pasasowe kabichi ndi tsabola pambali. Anthu amenewa zinthu zokongola ali nazo kale kumene aliko. Chimene akusowa ndi kwawo.

Tsopano ndikuuze zimene zikundidetsa nkhawa, poti ndine mkulu wako.

Ukugulitsa motchipa. Penti wako, mapepala ako, inki ya kosindikiza, zonse zimachokera kunja, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 zinakwera tonse tikuona, koma iwe ukuchitabe mantha kukweza mtengo. Ukukumbukira amayi madzulo? Ankakhuthulira ndalama pachitenje n'kuziunjika milu: wa fulawa, wa mafuta, wa makala, ndipo wotsalawo ndiwo unali wathu. Sankaphonya ndi tambala yomwe. Chimodzi chokha sankachiwerengera, tulo tawo ndi msana wawo, ndipo tonse tikudziwa mmene msanawo unawavutira pomaliza. Iwe uwonjezere mulu wina wa masiku atatu aja unakhala pazenera. Achibale ofuna zaulere uziwauza mtengo mwaulemu, kuyambira ine. Chithunzi cha mandasi chija ndinalandira ulere, ndipo ndalama yake ndikutumizira mwezi ukatha. Usandibwezere.

China ndi munthu uja anatenga chithunzi chako cha chimanga chootcha pa intaneti n'kuchiika pachikwangwani cha malo ake odyera osakupempha. Unati tizisiye, mwina ndi kukutsatsa malonda. Ayi, mng'ono wanga. Munthu wotola mandasi m'ndowa ya amayi osalipira sitinkati akutitsatsa malonda. Lamulo la Copyright la 2016 limateteza ojambula monga limatetezera oimba, ndipo bungwe la COSOMA loona za lamuloli, limene linakhazikitsidwa mu 1992, lili ku Lilongwe komweko. Upite ukafunse, ndidzakuperekeza. Zithunzi zimene umaika pafoni zizikhala zazing'ono, dzina lako lili pamenepo, kuti wofuna chachikulu abwere kwa iwe.

Ndinaonanso mmene nkhope yako inkagwera chithunzi chikakhala tsiku lonse anthu ochepa okha atachikonda. Usiku umenewo sunadye bwino. Amayi nawonso ankabwera ndi mandasi otsala mvula ikagwa, koma m'mawa mwake beseni linkakhala litafufuma kale pansi pa chitenje. Uzizimitsa foniyo nthawi ina, upite kutchalitchi, ucheze ndi anzako, ugone. Ntchito ya wekha m'chipinda imadya munthu mwakachetechete, ndipo ine ndili kutali, sindingakuone tsiku ndi tsiku.

Pokonza m'nyumba ya amayi ndinapeza chipande chawo chobowola chija chovuulira mandasi, chogwirira chake chitapserera mbali imodzi pamene ankachitsamiritsa pa mbaula. Ndachisunga. Sukulu ikatsekera mu Disembala ndibwera nacho, ndipo basi ikaima pa Lizulu ndikugulira masuku, ukajambule ena, ena tidye. Chipandecho undijambulire, pa mtengo wake weniweni. Undisungirenso kope limodzi la chithunzi chako cha chigumu, ulikulunge bwino ndi katoni. Amalume amakonda chigumu ndi tiyi wopanda mkaka, ndipo ndikufuna ndikawapatse ndekha m'manja, ndikhale nawo pansi mpaka achiyang'anitsitse.

Ine mkulu wako.