Si Zonse Zotsala M'mbale Zili za Galu

Mwa ziweto zonse zimene timasunga pakhomo, palibe china chimene timachidalira kwambiri koma nkumachiganizira pang'ono ngati galu. Mbuzi timaifunira msipu wabwino, nkhuku timaziwazira madeya, nkhumba timachita kuiphikira. Koma galu timangomuponyera chimene chatsala. Kuno ku Thyolo, kuyambira m'malaini a antchito a m'minda ya tiyi ya Satemwa, Conforzi ndi Naming'omba, mpaka m'midzi ya ku Bvumbwe, Luchenza ndi Thekerani, galu ndiye mlonda wosalembedwa m'kaundula. Chiperoni akamawaza usiku, ife titafunda mabulangete, iye amakhala panja kutchera khutu ku khola la mbuzi ndi ku nkhokwe. Malipiro ake onse ndi makombo. Tsono ngati makombowo ndiwo malipiro ake, nkoyenera kuti tidzifunse: kodi muli chiyani m'makombo amenewa?

Makolo athu sankavutika ndi funso limeneli. Galu wao ankadya mkute, phala la gaga, ndi zam'kati za nyama imene iye yemwe wathandiza kugwira ku uzimba. Ndiwo za masiku amenewo zinali za chidulo kapena zotendera, ndipo mchere unali wosowa. Lero mbale yathu idasintha. Ndiwo zopanda anyezi timaziyesa zosapsa. Pambali pa nsima pamakhala tsabola wa kambuzi, kapena botolo la Nali amene wakhala akupangidwa m'dziko muno kuyambira m'zaka za m'ma 1970. Nyengo ya mango amai ambiri amakonza achari, luso limene lidabwera ndi amwenye: amadula mango aawisi, nathira mchere wambiri, tsabola, adyo ndi mafuta, nkuwasiya kuti akolere. Botolo likatsala pang'ono kutha, kapena achariyo akayamba kutikaikitsa, timamva chisoni kutaya. Pamenepo maso athu amagwera pa galu amene akugwedeza mchira pakhomo.

Si ife tokha amene timasunga masamba ndi zipatso mwa njira yotere. Ku Germany amasasitsa kabichi ndi mchere, namutcha sauerkraut. Ku Korea nako ali ndi kimchi, kabichi wosasitsa wothira tsabola wofiira, adyo ndi zina, ndipo mwambo wao wokonzera pamodzi chakudyachi udalembedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2013 pa mndandanda wa miyambo yofunika kusungidwa. Kumenekonso eni agalu amafunsa funso lathu lomweli. Yankho lake ndi limodzi, ngakhale maiko ndi otalikirana.

Tiyambe ndi kuchotsa mlandu pamene palibe mlandu. Kusasa pakokha sikupha galu. Chimene chimasasitsa kabichi ndi tizilombo tosaoneka ndi maso, ta mtundu womwewo umene umasandutsa mkaka kukhala chambiko. Tizilomboti timadya shuga wa m'masamba nkutulutsa kuwawasa kumene kumaletsa chakudya kuola. Vuto lagona pa zimene timathiramo kuti chakudyacho chitikomere ife anthu.

Choyamba, ndiponso choopsa koposa, ndi anyezi ndi adyo. Ziwirizi zili ndi mphamvu ina imene imaphwanya timbulu tofiira ta m'magazi a galu. Kuphika, kukazinga, kuyanika kapena kusasitsa sikuchotsa mphamvuyo, ndipo adyo amaposa anyezi ukali. Madotolo a ziweto amachenjeza kuti galu wolemera makilogalamu 10 angathe kudwala atadya anyezi wokwana magalamu 50 okha, ndiye kuti ngati theka la anyezi wapakati. Ngakhale kudya pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumaunjikana. Choipitsitsa nchakuti matendawa saonekera tsiku lomwelo. Pamapita masiku angapo galu asanayambe kufooka, kupuma mwawefuwefu, kukana chakudya; nkhama zake zimayera, mkodzo wake umada kapena kufiira. Pofika apo tonse taiwala za msuzi wa Lamulungu lapitalo. Tikaona galu atafa, timathamangira kunena kuti wina wamupatsa tameki, kapena akuba akukonza njira. Ndi maubale angati amene asokonekera m'midzi mwathu chifukwa cha kuganizirana kotere, pamene chakupha chidachokera m'poto wathu womwe?

Chachiwiri ndi mchere. Achari ndi masamba osasitsa amadalira mchere wochuluka kuti asaonongeke. Ife timangotapa pang'ono, kukoleza nsima yambiri. Galu sadziwa kutapa. Amameza zonse zimene zili m'mbale nthawi imodzi. Mchere ukachuluka m'thupi mwake amamva ludzu losatha, amasanza, amatsegula m'mimba, ndipo zikafika poipa amanjenjemera ndi kukomoka, makamaka ngati palibe madzi pafupi. Tiganizire agalu aja amene amaswera pa tcheni dzuwa lonse la Okutobala popanda ngakhale chibalu cha madzi.

Chachitatu ndi tsabola. Akuluakulu adati tsabola wakale sawawa, koma mwambiwu sadaupangire galu. Kuwawa kwa tsabola kumachokera ku mankhwala achilengedwe otchedwa capsaicin, amene thupi limawamva ngati moto. Lilime la galu lili ndi tizigawo tolawira pafupifupi 1,700, pamene la munthu lili nato pafupifupi 9,000. Motero kukoma kumene ife timakufuna mu tsabola iye sakupezamo, koma kutentha kokha amakumva m'kamwa, m'mimba ndi potuluka pomwe. Kawirikawiri tsabola sapha galu, koma amamuzunza: dovu limachucha, misozi imatsika, m'mimba mumapota. Ndipo pali ena mwa anyamata athu amene amathira dala tsabola m'chakudya cha kagalu, amvekere kuti kakule kolusa. Ululu suphunzitsa galu kulondera. Umangomuphunzitsa kuopa dzanja limene limamudyetsa, ndipo galu wamantha ndiye amaluma mwana wa pakhomo pomwepo.

Apa pali chinthu chodabwitsa chimene tingachilingalire. Mbalame zimadya tsabola wakupsa osamva kuwawa kulikonse, ndipo ndizo zimafesa njere zake m'mbali mwa minda, nchifukwa chake timapeza tsabola atamera pamene sitidadzale. Chipatso chimodzi chomwecho, kwa mbalame nchakudya, kwa munthu nchokometsera, kwa galu ndi moto. Mlengi sadapange zamoyo zonse ndi mimba imodzi. Chimene chakomera ife sichikomera aliyense, ndipo amene afuna kuchitira mnzake zabwino ayenera kuyamba wamudziwa.

Ife a ku Thyolo tili ndi zinanso zoti tisamale nazo, zochokera m'nthaka yathu yomweyi. Tiyi amene amadyetsa mabanja ambiri kuno ali ndi caffeine, imene imathamangitsa mtima wa galu. Choncho masamba a tiyi otsala m'ketulo tisamataye pamene iye amafwenkha. Mtedza wa makademiya, umene ukulimidwa kwambiri m'boma lino, umafooketsa miyendo yakumbuyo ya galu ndi kumunjenjemeretsa pasanathe maola 12, ngakhale ambiri amachira pakatha masiku awiri. Chinanso ndi chuku. Tizisiyanitsa chakudya chosasa ndi chakudya choola. Chimanga chachuku chili ndi poizoni woononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuthetsa. Mu Ogasiti 2024 boma la Zambia lidalengeza kuti agalu pafupifupi 400 adafa atadya chakudya cha chimanga chotere. Imfa ya agaluwo ndiyo idadzidzimutsa anthu kuti ayang'anitsitse ufa umene iwo eni ankadya. Ngakhale pa imfa yake, galu adagwirabe ntchito ya ulonda.

Mwina wina anena kuti: Kodi m'nyengo ino, pamene ana ena akugona ndi njala ndipo malipiro a wothyola tiyi sakufika kumapeto a mwezi, nkoyenera kutaya mau pa chakudya cha galu? Funsoli ndi loona mtima, ndipo sitinganene kuti galu adye mwana asanadye. Koma zimene zikufunika pano sizilira ndalama. Mai akamaphika, angathe kupatula kachigawo ka dzungu, mbatata kapena masamba asanathire anyezi, mchere ndi tsabola. Phala la mgaiwa kapena la madeya abwino, losakaniza ndi mitu ya usipa kapena bonya wotsukidwa mchere, limamukwanira galu. Madzi oyera akhalepo usana ndi usiku. Zotsala za achari zikwiriridwe ku dzala. Kusunga galu wamoyo nkotchipa kusiyana ndi kugula mbuzi ina itabedwa.

Nanga galu akadya kale zoterezi titani? Ngati wangonyambita pang'ono, tisatekeseke. Timupatse madzi ndi chakudya chopanda zokometsera, nkumamuyang'anira kwa masiku angapo. Tisamumwetse madzi amchere pofuna kuti asanze, pakuti kutero nkuthira mafuta pamoto. Koma ngati wadya zambiri, kapena taona nkhama zayera, mkodzo wasintha, kusanza sikuleka, tifulumire kwa mlangizi wa ziweto wa m'dera lathu kapena ku ofesi ya zaulimi, ndipo timuuze mosabisa chimene galuyo wadya ndi tsiku lake.

Nkhaniyi ili ndi mbali ina yozama, yokhudza mabanja athu. Pali kusiyana pakati pa kupatsa ndi kutaya. Wopatsa amayang'ana wolandira. Wotaya amayang'ana mbale yake kuti iyere. Nthawi zambiri ndi ana amene timawatuma kukakhuthulira galu makombo, ndipo pa ntchito yaing'onoyi amaphunzirapo kanthu. Mwana amene wazolowera kuti chosafunika chilichonse nchoyenera wofooka, mawa adzapatsa gogo wake malaya ong'ambika ndi wantchito wake ufa wofumbwa, nadzayembekeza kuthokozedwa. Koma mwana amene wamva mai ake akuti, "Imani kaye, izi zili ndi anyezi, zimudwalitsa," waphunzira kuti ngakhale amene sangathe kudandaula ali ndi zomuyenera. Galu sadzatiuza kuti m'mimba mukumupota. Adzagwedeza mchira, nadya chimene tamupatsa, chifukwa amatikhulupirira. Kukhulupirira koteroko kumatisenzetsa udindo.

Tsono abale athu, tisaleke kukonza achari wathu, ndipo kambuzi asachoke pa mkeka podyera. Zimenezo nzathu, tizidye mokondwa. Koma madzulo ano, mbale zisanapite kotsuka, tiyang'anemo kawiri. Kupatsa nkuika, adatero makolo. Chimene tiika m'mbale ya mlonda wathu chikhale chomupatsa mphamvu zofikira m'bandakucha.