Ulendo wa ku Mbombwe ndi mabuku m'chikwama

Ndinanyamuka ku Lilongwe Lachinayi m'mamawa, chikwama chitalemera ndi mabuku kuposa zovala. Chaka chonse chathachi ndakhala ndikuwerenga mosakaniza: lero mbiri ya dziko, mawa mbiri ya munthu, m'mawa uliwonse Buku Lopatulika, kenaka za ndale. Njira zonsezi zinkakathera kwa munthu mmodzi, John Chilembwe, mpaka ndinati basi, ndikaponde ndekha pa Mbombwe ku Chiradzulu, pamene iye anakhazikitsa Providence Industrial Mission atabwerako ku America mu 1900.

Za basi ya ku Blantyre palibe chonena. Chimene chinandipsetsa mtima chinachitika Lachisanu. Ndinafuna kugulira mwana wa mchemwali wanga buku la D.D. Phiri lotchedwa Let Us Die for Africa, kuti adziwerengere yekha za munthu amene amamuona tsiku ndi tsiku pa K500 ndi K2,000. Ndinalowa m'sitolo zitatu za mabuku. Mashelefu anali tho ndi mabuku a alaliki akunja olonjeza chuma, ndi timabuku tokonzekera mayeso. Mnyamata wina wogulitsa anandifunsa mwaulemu ndithu: "Bwana, limeneli ndi la Fomu chani?" Sindimuimba mlandu, chifukwa tinamulera ndife kuti buku ndi lolembera mayeso, ukakhoza nkulitaya. Kwinako ndinapeza buku lina la mbiri ya dziko lino litatsekeredwa m'kabati ya galasi, mtengo wake woposa thumba la chimanga. Mphunzitsi wa ku pulayimale angaligule bwanji? Pa 15 Januwale timatseka maofesi dziko lonse kukumbukira munthuyu, koma nkhani yake ili m'nyumba zowerengeka. Zimenezi ndi zamanyazi.

Loweruka ndinakwera minibasi ku Limbe. Tisanafike ndi pa mphambano ya ku Nguludi pomwe, tayala lakumbuyo linaphulika, ndipo la sipeya linapezeka lopanda mpweya. Kondakitala anakwera njinga yamoto nalo kukapopetsa, ife nkutsala pansi pa mtengo wa mango kwa maola awiri. Maola amenewo ndiwo anandilipira ulendo wonse.

Ndinatulutsa buku la Landeg White la 1987 lotchedwa Magomero. Agogo ena ovala chipewa anayang'ana pachikuto nati, "Mwanangu, ukuwerenga za kwathu?" Anandiuza kuti agogo awo anali Alhomwe ochokera ku Mozambique, ndipo anagwira thangata pa esiteti ya A.L. Bruce. Zimene buku limafotokoza m'masamba ambiri, iwo anazinena m'mawu ochepa: unkagwira ntchito yolipirira malo amene wamangapo nyumba, mwezi nkumatalika monga wafunira mwini esiteti, ndipo ukakumana ndi mzungu chipewa chako chili kumutu, wapalamula. Anagwira chipewa chawo nachikanikizira kumutu. Ndinawauza kuti mu 2022 Mmalawi mnzathu Samson Kambalu anaimika chiboliboli cha Chilembwe pa Trafalgar Square ku London, chipewa chili kumutu. Agogowo anaomba m'manja kawiri.

Mayi wina wa yunifolomu ya Mvano sanakondwe nazo. "Bambo, ine chimene chimandivuta ndi chimodzi. M'busa angalalikire bwanji mutu wa munthu uli pafupi?" Amanena zoona. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915 anthu a Chilembwe anapha William Jervis Livingstone, woyang'anira esitetiyo ku Magomero, ndipo m'mawa mwake mapemphero a Lamulungu anachitika mutu wa Livingstone uli pafupi. Mnyamata wina wa ku koleji anadumphira nkhaniyo: zonsezo zinali ndale basi, za Mulungu zinangokhala chophimba.

Apa ndipo ndinaona phindu la kuwerenga kwanga kosakaniza. Aliyense mwa atatuwa anagwira mwendo umodzi wa nkhani, monga mmene buku lililonse m'chikwama changa linagwirira wake. Wowerenga za ndale zokha adzaona kalata imene Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala 1914, nkhondo ya ku Karonga itangochitika, yodandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni chuma. Wowerenga za chikhulupiriro adzaona m'busa wa Baptist amene matchalitchi ake a udzu ankatenthedwa pa esiteti ya Bruce, munthu amene ankawerenga Baibulo lomwelo lokhala ndi Mose komanso mawu oti tizikonda adani athu. Wowerenga mbiri ya moyo wake, monga Independent African ya George Shepperson ndi Thomas Price ya 1958, adzakumana ndi mnyamata wogwira ntchito m'nyumba ya mmishonale Joseph Booth kuyambira 1892, amene anapita naye ku America mu 1897 nakaphunzira ku Lynchburg, nabwerako kudzatsegula sukulu ndi kuphunzitsa anthu ukhondo ndi ntchito za manja zaka zoposa 14 asanatole mkondo. Adzaonanso kuti analamula kuti akazi ndi ana a azungu asavulazidwe, ndipo sanavulazidwedi. Ndinauza mayiwo kuti funso lawo ndi loyenera ndipo lisafe. Ndinauzanso mnyamatayo kuti munthu samanga tchalitchi cha njerwa zaka zingapo pofuna chophimba chabe. Mutu umodzi susenza denga, buku limodzinso silisenza Chilembwe.

Tayala litabwera tinapitiriza ulendo, kenaka aliyense analowera kwake. Ine ndinamaliza ulendo pa kabaza.

Pa Mbombwe pali bata. Tchalitchi chimene chilipo lero si chimene anamanga Chilembwe, poti chakecho boma la atsamunda linachiphulitsa mu 1915. Iye anawomberedwa pa 3 Febuluwale chaka chomwecho cha ku Mulanje, naikidwa mobisa, ndipo manda ake sadziwika. Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr. Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa pa sukulu yomweyi amene anakaphunzira udokotala ku America, anabwera kudzaitsegulanso. Dzina limeneli ndi angati a ife amalidziwa? Ndinaima pakhomo la tchalitchicho nthawi yaitali, ndikuganiza kuti wogwetsa timamukumbukira, wophedwa timamuimbira, koma womanganso tamuiwala. Ana a kwaya ankayeserera nyimbo m'katimo, mawu awo nkumatulukira pa mawindo.

Masana ndinadya nsima ya nandolo pa kalesitilanti kena kapafupi, nandolo wake wofewa bwino wothira tomato ndi anyezi basi, woposa nkhuku zambiri zimene ndadya ku Area 47. Mwana wa mwini malo, mtsikana wa Fomu 3, anakhala akuyang'ana mabuku anga pa tebulo mpaka analimba mtima. "Amalume, kodi limeneli lili ndi Chichewa chake?" Ndinamuyankha kuti ayi, ndipo mtima unandiwawa. Ndinamusiyira Magomero, nditalemba tsiku pa tsamba loyamba, ndi kumupempha kuti akamaliza akawawerengere agogo ake m'chinenero chawo, kenaka amve zimene iwo awonjezerepo.