Mkuŵa Umasunga Chakukhosi

Agogo anga aamuna anabwerako ku nkhondo ya ku Burma m'chaka cha 1946 ndi zinthu zitatu: jekete la Keyala, chifuŵa chosamva mankhwala, ndi chitini chodzaza zigoba za zipolopolo za mfuti ya .303. Zigobazo zinali zamkuŵa, zopanda kanthu m'kati. Ife adzukulu tinkaziba n'kumaziimba ngati wezulo.

Atalembedwa ulonda pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Muloza, anapatsidwa kamfuti ka .410 kopirikitsira apusi m'munda wa chimanga. Koma zipolopolo zake zinali zodula, ndipo bwana ankachita kuŵerenga chimodzichimodzi. Nanga nkhanga ya ndiwo akanaiwombera chiyani?

Apa mpamene chitini chija chinapeza ntchito. Agogo anaona kuti thako la chigoba cha .303 limakhala bwino m'kamfutiko. Chovuta chinali khosi lokha, poti ndi lopanikizika. Tsono madzulo ankaotcha khosilo pamakala kuti lifeŵe, n'kulikuza mpaka chigoba chiwongoke ngati bango, kenaka n'kuthiramo wonga ndi timtovu. Nditakula ndinaŵerenga kuti ku Ishapore, m'dziko la India, boma linkasandutsa mfuti za Lee-Enfield kukhala za .410, ndipo zipolopolo zake zinali zigoba zomwezi zosapanikiza khosi. Agogo sanaŵerenge buku. Anangoyesa ndi zala.

Ntchito yanga inali yokwecha zigoba ndi phulusa ndi ndimu. Tsiku lina mu 1974, ndili Sitandade 4, ndinaona kamng'alu konga tsitsi pa chigoba chimodzi. Ndinaopa kuti anena kuti ndachiphwanya ndine poimba wezulo. Ndinachipukuta bwinobwino, n'kuchibwezera m'chitini, ine duu.

Patapita sabata anabwera nawo atamangidwa nsanza kumaso. Chigoba chinang'ambikira m'mfuti, moto n'kubwerera m'mbuyo. Diso lakumanja silinaonenso, ndipo ulonda unathera pomwepo.

Ndinaulula patatha zaka zisanu ndi zitatu, nditabwera kutchuthi kuchokera ku Zomba. Anali pakhonde, akugogoda fodya wamphuno kuchokera m'chigoba chotsala, chotseka ndi kachitsononkho.

"Agogo, mng'alu uja ndinauona ine."

Anafwenkha fodya, nayetsemula, nayang'ana kuphiri ndi diso lawo limodzi lija.

"Nanenso ndinauona, mdzukulu wanga. Ndinati chipirira kamodzi kokha. Mkuŵa ukaukakamiza umavomera, koma umasunga chakukhosi."

Kaya ankanena zoona, kaya ankangonditula katundu, sindidziŵa mpaka lero. Chimene ndidziŵa n'chakuti iwonso anaotchedwa n'kuwongoledwa kangapo: mlimi anasanduka msilikali, msilikali anasanduka mlonda wa chimanga cha eni. Palibe amene anaŵatembenuza padzuŵa kuti aone ngati ali ndi mng'alu.

Chigoba cha fodya chija ndili nacho m'dirowa. Chikanunkhabe.