Buku la Zithunzi za pa Tchuthi

M'nyumba zambiri kuno ku Ulongwe muli buku la zithunzi, limene ena amalitcha alubamu, ndipo limagona pansi m'sutikesi pamodzi ndi makadi a ubatizo ndi kalata ya ukwati. Sitilitulutsa wamba. Timayembekeza nyengo ya Khrisimasi, ana ndi adzukulu atafika kuchokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe, ndipo pamenepo ndi pamene limatsegulidwa pakhonde.

Aŵerengi achinyamata adziŵe kuti masiku aja tchuthi sichinali ulendo wokaona malo achilendo ai, koma kubwerera kwanu. Chifukwa chake masamba oyamba adzala ndi abambo ofika kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni, atavala suti ndi chipewa, dzanja limodzi lili pa njinga yatsopano, lina litanyamula wailesi. Onse aima chilili, osamwetulira, pakuti kujambulitsa kunali kwa ndalama ndipo wojambula sanali kubwereza. Kunena zoona, jekete lina tikuliona pa anthu atatu osiyana, koma zimenezo tizisiye.

Mzere wa zithunzi zotere umaduka m'chaka cha 1974. M'mwezi wa April chaka chimenecho ndege ya Wenela inagwa ku Francistown, nipha Amalaŵi oposa 70 amene anali kubwerera kwao, ndipo boma linaletsa kulemba anthu a ku migodi. Ulendowo unatsegulidwanso mu 1977 nutsekedwa mu 1988. Tikafika pa masamba amenewo akuluakulu amayamba kulankhula motsitsa mau.

Patsogolo pake pali maulendo a tsiku limodzi a ku nyanja. Taonani banja litaima pa nsanja ya wotchi ku Mangochi, ndipo kumbuyo kwa chithunzicho kwalembedwa dzina lakale la Fort Johnston. Amai onse avala madiresi ophimba maondo, chifukwa lamulo la mu 1973 linaletsa akazi kuvala buluku kapena siketi yaifupi, ndipo linakhalapo kufikira 1993. Koma chimene chimatigwira mtima koposa ndi zinthu zimene wojambula sanazisamale nkomwe. M'mbali mwa chithunzi china cha ku gombe la nyanja ya Malombe muli mnyamata atanyamula chambo chonenepa, chotalika ngati mkono wake. Adzukulu amati nchinyengo cha kamera. Sitingawadzudzule, popeza chambo cha m'Malombe chinatha mphamvu cha m'ma 1990, makoka ang'onoang'ono maso atakokolola ndi ana ake omwe, ndipo iwo akulira kambuzi. Mitengo yaikulu imene ikuoneka kumbuyo kwa nyumba za udzu inapita kalekale ku makala.

Komabe pali chinthu chimodzi chimene pepala silisunga, ndicho dzina. Nkhope ilipo, diresi lilipo, ngakhale galu wa pakhomo alipo, koma uyu ndani? Amene amayankha funsoli ndi agogo aakazi, ndipo yankho lao silikhala lalifupi: uyu ndi mlongo wake wa uje, anakwatiŵa ku Liwonde, anali wa Mvano, anali ndi mau okoma poimba. Tsono agogo oterewo akagona, anthu a m'buku amasanduka alendo m'nyumba ya ana ao omwe. Taonapo mabuku otere atatayidwa pa dzala maliro atatha, chiswe chitadya m'mbali, popeza panalibenso wodziŵa kuti akusunga yani.

Kwathu tayamba kulemba maina ndi pensulo kumbuyo kwa chithunzi chilichonse, agogo akutchula, mdzukulu akulemba. Ntchitoyi imayenda pang'onopang'ono, chifukwa dzina lililonse limadzutsa nkhani, ndipo nthaŵi zina limadzutsa ndi mkangano wakale wa munda. Pa chithunzi cha pa nsanja ya wotchi chija pali anthu asanu ndi aŵiri. Asanu tawalemba; za aŵiri enawo tatumiza mau kwa azakhali ku Balaka, ndipo tikudikira yankho.